Pepala lasiliva kapena thovu: zolemba za m'denga la ku Chowa

Loweruka, 5 Okutobala 2024

Nyumba yathu ya ku Chowa, ku Kabwe, tinaimanga monga amangira aphunzitsi ambiri: mabuloko chaka chino, malata chaka chamawa, siling'i ngongole ya malata itatha. Miyezi khumi pachaka ndi nyumba yabwino. Okutobala ndi Novembala ndiwo amatithamangitsira panja. Chaka chino zanyanya, chifukwa chilala chatsitsa madzi ku Kariba, magetsi akumabwera maola atatu patsiku, kawirikawiri pakati pa usiku, ndipo fani yangosanduka chokongoletsa pabalaza. Ikamakwana 14 koloko majarini asungunuka m'kabati, ana agona pasimenti pakhonde, mayi awo asamukira pansi pa mango ndi makina awo osokera.

Lero ndakwera pampando n'kugwira siling'i ndi chikhatho. Khoma lamkati lili bwino, pansi pali bwino, koma bolodi la pamutu pathu likuwotcha dzanja. Ndiye kuti vuto lili kumwamba, m'malo amene sindinalowemo chimangire nyumbayi.

Malangizo ndalandira awiri osagwirizana. Alamu anga, amene anagwirapo ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg, akuti tiitane anthu a spray foam adzapopere thovu kunsi kwa malata, nkhani ithere pomwepo. Amisiri amene anatikhomera denga, bambo wachikulire wa ku Bwacha wolankhula Chinyanja chothira Chibemba, akuti tigule sisalation, pepala lasiliva lija amagulitsa m'mipukutu. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale. Za Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, ndi chigaza chimene chinapezeka mumgodi mu 1921 ndingakambe mpaka belu kulira, koma pa za madenga ndine wa giredi wani. Ndagula kabuku kolembamo zimene ndizipeza.

Lamlungu, 6 Okutobala

Titaweruka kutchalitchi ndinabwereka makwerero kwa aneba oweta nkhuku, pamodzi ndi kachoyezera kutentha kamene amapachika m'khola la anapiye, kolekezera pa madigiri 50. Ndinatsegula kachitseko ka siling'i ka m'kolido n'kulowetsa mutu ndi mapewa. Mpweya wake unandiwamba kumaso, wouma, wonunkha mapulanga ndi zitosi za mileme. Kachoyezerako ndinakakoleka pamsomali. Pobwerako, mzere wofiira unali utafika kumapeto ndipo unalibenso kopita.

Chimene chandisowetsa mtendere kwambiri ndi fumbi. Tochi itawala ndinaona kuti pamwamba pa bolodi lililonse pali fumbi lotuwa, losalala, lokhuthala moti chala chikhoza kulembapo dzina. Kwina munthu akanangotenga tsache. Kuno ku Kabwe fumbi timaliopa. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma mulu wa zotsalira zake, umene timautcha Black Mountain, ukadalipo, ndipo mphepo ya m'chilimwe imaulutsira fumbi lake ku Kasanda, ku Makululu ndi kwathu kuno. A World Health Organization amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ndi wosavulaza, ndipo umapweteka kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Ku Broken Hill ya ku Australia, tauni ya migodi imene inabwereketsa dzina kwa Kabwe wakale, okonza nyumba amachenjezedwa za fumbi la m'siling'i lomweli. Ndinatseka kachitseko pang'onopang'ono, ndinasamba, malaya ndinachapa paokha. Kaya tisankha pepala kaya thovu, munthu adzayenera kukwawa m'fumbi limeneli, pamwamba pa chipinda chimene ana anga amagona.

Lachitatu, 9 Okutobala

Pa nthawi ya tiyi ndinakoka mnzanga wophunzitsa sayansi, ndipo anandijambulira zonse kuseri kwa rejisitala. Kabwe ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, choncho kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni. Limadzabweranso pamenepo mu Febuluwale, koma nthawi imeneyo mitambo ya mvula imatiphimba. Kumwamba kukayera, sikweya mita iliyonse ya denga imalandira mphamvu ya dzuwa yokwana mawati pafupifupi 1,000. Lata lakuda kapena lokalamba limamwa gawo lalikulu la mphamvuyo, ndipo limatha kufika madigiri 60 kapena 70.

Funso langa linali la mwana wasukulu: mpweya wotentha umakwera kumwamba, nanga kutentha kwa malata kumatsika bwanji kudzatipeza pabedi? Anati ndiganize za mbaula mu Juni. Ukakhala patsogolo pake nkhope imapsa ngakhale msana ukuzizidwa, ndipo wina akaika chivundikiro cha poto pakati pa iwe ndi makala, nkhope imapepukidwa nthawi yomweyo. Lata lotentha limawalitsa kutentha kosaoneka koteroko kupita pansi, siling'i n'kukulandira, nayonso n'kukupatsira kwa ife. Masana, kutentha kochuluka kwa m'denga kumatsika mwa njira imeneyi.

Apa m'pamene zinthu ziwiri zija zimasiyanirana. Thovu limagwira ntchito ndi kukhuthala kwake: muli timatumba ta mpweya tosawerengeka timene timachedwetsa kutentha, kaya kukulowa kaya kukutuluka. Pepala lasiliva silichedwetsa kanthu, pakuti ndi lopyapyala ndipo aluminiyamu amadutsitsa kutentha mosavuta. Mphamvu yake ili pankhope yonyezimirayo. Imabweza pafupifupi 95 peresenti ya kutentha kowalira pa iyo, ndipo ngakhale pepalalo litatentha, nkhope yoyang'ana pansi imatulutsa kochepa kwambiri. Mbali yachiwiriyi ndinavomera ndi mutu wokha, mtima usanakhutire.

Loweruka, 12 Okutobala

Amisiri anafika m'mawa ndi chidutswa cha sisalation chomangidwa pakaliyala wa njinga. Sanachulutse mawu. Anatenga zidutswa ziwiri za malata zotsala pomanga n'kuzisanjika pa mabuloko pabwalo, padzuwa. China anachisiya chomwecho. Kunsi kwa chinacho anatambasula pepala lasiliva pa timitengo, kusiya mpata wa zala ziwiri pakati pa pepala ndi lata. Tinamwa tiyi, tinadandaula za mtengo wa ufa, kenako anati, "Aphunzitsi, pisani dzanja."

Pansi pa lata lopanda kanthu, kuseri kwa dzanja kunamva kutentha ndisanakhudze chilichonse. Pansi pa linalo kunali mthunzi wamba. Kenako anakankhira pepalalo m'mwamba kuti ligundane ndi lata, n'kundiuza kuti ndiligwire. Dzanja ndinachotsa msanga.

"Mwaona? Ichi chifuna mphepo," anatero. "Mukachipanikiza uku ndi uku, mwataya ndalama."

Ndinafunsa ngati sindingangoliyala pamwamba pa siling'i, poti n'kosavuta ndipo ndikhoza kuchita ndekha. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi fumbi la kuno? Chaka chisanathe siliva yense wakwiririka." Fumbi likaphimba nkhope yonyezimira, pepalalo limamwa kutentha monga chinthu china chilichonse. N'chifukwa chake amalikhomera kunsi kwa mitanda ya denga, motsata kupendekera kwa malata. Nkhope ya m'mwamba idzada ndithu, koma yoyang'ana pansi fumbi silikhalapo, ndipo ndi imeneyo idzapitirize ntchito. Zimene mnzanga wa sayansi anajambula Lachitatu ndazimva lero ndi khungu langa. Anawonjeza kuti tigule la siliva mbali zonse ziwiri, lolimba, lokhala ndi ulusi mkati, osati lopepera long'ambika ndi chala.

Lachisanu, 18 Okutobala

Lero ndi tchuthi cha tsiku la mapemphero, ndipo alamu sanafune kuti thovu liweruzidwe lisanaonedwe. Ananditengera ku famu ya mnzawo m'mbali mwa Great North Road, njira ya ku Kapiri Mposhi, kumene khola la nkhuku ndi chipinda chozizira chosungiramo nyama anazipopera thovu.

Chilungamo chake, chinthucho chimagwira ntchito. Kunsi kwa malata kunali chikhungwa chachikasu cha mabampumabampu, cholimba moti chala chachikulu sichinalowe. Inali 13 koloko, koma nditakwera pamgolo n'kuchigwira chinali chofunda pang'ono chabe. Mwini famu anati mvula ikamagwa m'kholamo simumveka phokoso loopsa nkhuku, ndipo mu Juni malata sachitanso thukuta lodonthera pa anapiye. Thovulo limachokera m'migolo iwiri ya mankhwala, isocyanate ndi polyol, amene amayenda m'mapaipi otenthetsedwa n'kukumana pakamwa pa mfuti yopopera. Akakumana amafufuma m'masekondi ochepa n'kuuma. Lilipo lofewa, la timatumba totseguka, limene limamwa madzi, ndiponso lolimba, la timatumba totsekeka, ngati la pafamupo. Sentimita imodzi ya lolimbali imatchinga kutentha pafupifupi mofanana ndi masentimita awiri a ubweya wagalasi uja amayala pa siling'i. Timabotolo ta thovu ta m'hadiweya ndi totsekera ming'alu basi, sitopopera denga lonse.

Pobwerera m'galimoto ndinayamba kuwerenga zovuta zake, ndipo alamu anayankha chilichonse mokweza. Opopera amavala zophimba thupi lonse ndi zopumira zapadera, chifukwa isocyanate amayambitsa mphumu, ndipo a m'nyumba amayenera kukagona kwina tsiku lathunthu kapena kupitirira. Amene tinawaimbira foni ali ku Lusaka, makilomita pafupifupi 140 kuchokera kuno, ndipo amabwera ndi makina ndi jenereta yawo. Mtengo umene anatchula unaposa wa pepala kangapo, thiransipoti payokha.

Koma ndalama si zimene zandibweza kwenikweni. Ndi misomali. Malata athu ndi okhomedwa ndi misomali, ndipo pakapita zaka ina imakhwefuka. Lero denga likadontha, banga lofiirira limaoneka pa siling'i, amisiri akwera, akonza. Thovu likamatirira ku lata ndi ku thabwa, madzi akhoza kuyenda mobisika, thabwa n'kumawola, lata n'kumachita dzimbiri, mwini nyumba akugona tulo tabwino. Kusintha lata limodzi kumafuna kudula ndi kupala thovu. Ku Britain mabanki ambiri amakana kupereka ngongole yogulira nyumba yopoperedwa thovu m'denga, chifukwa woyeza nyumba sangathe kuona mmene matabwa alili, ndipo eni ake ena amalipiranso ndalama kuti lichotsedwe. Palinso moto. Thovu likayaka limatulutsa utsi wakuda wapoizoni, ndipo chaka chino m'nyumba iliyonse ya ku Chowa muli kandulo.

Alamu anasunga mfundo yawo yamphamvu mpaka titafika pageti. "Achimwene, nanga fumbi lanu lija? Thovu limatseka mpata uliwonse. Pepala lanu silitseka." Pamenepo ndinalibe poyankha, chifukwa n'zoona.

Lamlungu, 20 Okutobala

Usiku tinakhala panja ndi mayi a kunyumba, tikudikira kuti m'chipinda muzizireko. Ndinawafotokozera zonse, za famu, za Britain, za misomali. Anamvetsera akusenda mtedza, kenako anafunsa, "Bambo, chipinda cha nyama chija amatseka chitseko kuti kuzizira kusathawe. Ife mawindo ali pululu tsiku lonse. Tikusunga kuzizira kwake kuti?"

Funso limeneli landithandiza kuposa manambala onse. Thovu limabweza ndalama zake m'nyumba yotsekeka imene makina akuziziritsa mkati: chipinda cha nyama, ofesi ya aircon, kontena yosandutsidwa shopu. M'nyumba yathu likanatsitsadi kutentha kwa siling'i, mwinanso kuposa pepala, koma tikanalipirira ubwino wambiri umene sitingaugwiritse ntchito. A Department of Energy ku America amati pepala lasiliva limachepetsa ndalama zoziziritsira nyumba ndi 5 mpaka 10 peresenti m'madera otentha. Nambalayi ndi yaing'ono, koma nyumba zawo zimakhala kale ndi zotchinga zokhuthala pa siling'i. Pamene palibe chilichonse pakati pa lata ndi bolodi, monga kwathu, pepala limasintha zambiri. Mu Juni ndi Julayi silidzatithandiza kwenikweni, koma kuzizira kwa ku Kabwe timakudziwa kothana nako.

Tagwirizana motere: pepala kunsi kwa mitanda, njerwa zamabowo m'makoma awiri a kunsonga kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo pa mfundo ya alamu, titseke mng'alu uliwonse wa siling'i kuti fumbi la m'denga lizikhala m'denga momwemo. Mabowo adzalowetsa fumbi lina, ndikudziwa. Chofunika n'chakuti lisatsikire pa ana.

Lachinayi, 24 Okutobala

Dziko likukondwerera zaka 60 za ufulu, ife tinali chokwawa m'denga. Ana tinawatumiza kwa azakhali awo ku Highridge dzulo. Tinayamba 5 koloko m'mawa, malata akadali ozizira.

Choyamba amisiri anathimitsa switchi yaikulu, ngakhale magetsi kunalibe. "Awa sagogoda pobwera," anatero. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi, ndipo waya wa sitepula ukaboola chingwe chamoyo, pepala lonse limasanduka msampha. Ku Australia, boma litakhazikitsa ndondomeko yoika zotchinga kutentha m'nyumba za anthu mu 2009, anyamata anayi anafera pantchitoyi, atatu ndi magetsi, mmodzi ndi kutentha kwa m'denga, ndipo ndondomekoyo inaimitsidwa mu Febuluwale 2010. Zingwe zathu zinali zongoponyedwa pa mitanda. Ola loyamba linathera pozisuntha ndi kuzimangirira kutali ndi pomwe pepala lidutse.

Fumbi sitinasese. Tinavala mamasiki a FFP2, osati ansalu aja a nthawi ya korona, tinawaza madzi pang'ono ndi kabotolo kopopera tsitsi, mochepa kuti bolodi lisafufume, n'kupukuta ndi nsanza zonyowa m'malo okhawo amene tinayenera kugwada. Nsanzazo zinalowa m'thumba la pulasitiki lomanga pakamwa. Kumene sitinafunike kufika sitinakuvundule. Amisiri anandibwerezera mpaka kutopetsa kuti phazi ndi bondo ziziponda pathabwa pokha, chifukwa bolodi la siling'i silinyamula munthu.

Kukhoma kwake n'kosavuta kumva koma n'kopweteka msana. Umayamba m'munsi, kutambasula pepala mopingasa, kulimenya sitepula kunsi kwa mitanda, mzere wotsatira n'kupitirira pa unzake ndi chikhatho chimodzi. Mpata wa pakati pa lata ndi pepala umadzipanga wokha chifukwa cha kukhuthala kwa matabwa. M'munsi ndi kunsonga tinasiya potseguka kuti mpweya wa mumpatawo uziyenda. Kumakona, kumene denga limakumana ndi khoma, munthu amagona chagada, mphuno ili pafupi kugunda lata, tochi ili pakamwa pa mnzake. Isanakwane 10 koloko thukuta linali likulowa m'maso, ndipo amisiri analamula kuti titsike. Zotsala timaliza m'mawa wa Loweruka ndi Lamlungu.

Aneba ena a m'nyumba zakale za mgodi anabwera kudzaonerera n'kufunsa ngati angachitenso chimodzimodzi. Amisiri anawachenjeza kuti denga lawo ndi la asibesitosi, lisaboledwe kapena kupalidwa, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Loweruka, 2 Novembala

Ntchito inatha. Njerwa zamabowo zalowa, zotchingidwa ndi waya wa sefa kuti mileme ndi mbalame zisapeze khomo latsopano. Ming'alu ya m'mphepete mwa siling'i ndinaimata ndekha, ndipo pa mabowo odutsa mapaipi ndi zingwe ndinafinyirapo kabotolo ka thovu. Alamu atamva anati ndagonja theka.

Masiku ano dzuwa lili paliwombo monga ananenera mnzanga uja. Masana mthunzi wa mtengo wa waya woyanikira zovala ukumathera patsinde pake. Kachoyezera ka aneba, kopachikidwa pamsomali womwe uja, tsopano kakuima pang'ono pamwamba pa 40. Siling'i ndikaigwira ndi yofunda, siwotcha. Mayi abweza makina awo pabalaza. Uku sikuzizira ayi. Munthu amatulukabe thukuta, kungoti tsopano m'nyumba ndi pakhonde zikufanana, pamene kale m'nyumba munkaposa panja.

Usiku nkhani ndi ina. Chipinda chathu chili kumadzulo, ndipo mabuloko a khoma limenelo amamwa dzuwa kuyambira 14 koloko mpaka kulowa kwake, n'kumalibweza mpaka pakati pa usiku. Pepala la m'denga lilibe nazo ntchito zimenezo, ndipo thovu la m'denga likanalepheranso chimodzimodzi. Khomalo likufuna laimu woyera ndi mthunzi wa mtengo. Za malata, ndikuganizira penti yoyera chaka chamawa. Ku Ahmedabad, mzinda wotentha wa ku India, akuluakulu a mzinda akhala akulimbikitsa madenga oyera m'makomboni, chifukwa kuyera kumabweza dzuwa lisanalowe n'komwe m'lata. Kuno fumbi lidzafuna kuti tizitsuka dengalo, apo ayi kuyerako sikukhalitsa.

Chinthu china chimene palibe anandiuza: mphepo ikawomba usiku, pepala limachita tswatswatswa pamwamba. Mwana wamng'ono anati ndi makoswe. Amisiri anakwera n'kulikoka pomwe linali lolendewera, phokoso lachepa.

Kumapeto kwa Novembala

Mvula yagwako. Phokoso lake pa malata ndi lomwe lija la kale, wailesi osamveka. Pamenepa thovu likanapambana, ndipo alamu sanachedwe kundikumbutsa pafoni. M'mawa mwake ndinasuzumira m'denga ndi tochi n'kuona kamzere ka madzi kotsetsereka pa pepala pamwamba pa khitchini. Amisiri anazula masitepulo a pakona imodzi, anapinda pepalalo, anapeza msomali wokhwefuka, anaika sikulu ya raba m'malo mwake, n'kukhomanso pepala. Ntchito yonse inatha tiyi asanazizire m'fulasiki.

Kwa nyumba ya malata okhomedwa ndi misomali, ya mawindo otsegula, yopanda aircon, ine ndasankha pepala lasiliva ndipo ndikanasankhanso lomwelo. Wa chipinda chozizira, wa khola lalikulu kapena wa kontena aitane a thovu, ndipo awafunse za mtundu wake ndi za moto. Inu amene mukumanga panopa ku Chowa, ku Katondo kapena ku Lukanga, mitanda ili poyera ndipo malata sanakwere: gulani sisalation tsopano, amisiri ayale asanakhome lata loyamba. Pa nthawi imeneyo ndi ntchito ya maola ochepa, ndipo palibe adzakwawe m'fumbi.